N'chifukwa chiyani Pompey anathawira ku Egypt, nanga anamupheranji asanaponde n'komwe pamtunda?

Nabanda

Moni kwa nonse okonda mbiri yakale. Funso langa likukhudza Gnaeus Pompeius Magnus, amene ambiri timangomutchula kuti Pompey, mkulu wa asilikali a Roma amene anaphedwa pagombe la Egypt pa 28 Sepitembala mu 48 BC, kutangotsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 58. Ndikudziwa kuti Julius Caesar, mdani wake pankhondo yapachiweniweni ya Aroma, anamugonjetsa ku Pharsalus, m'dera la Thessaly ku Greece, pa 9 Ogasiti chaka chomwecho, koma kugonja kumeneko pakokha sikukundifotokozera imfa yake. Zombo zake zankhondo, zomwe zinali zambiri kuposa za Caesar, sizinamenye nawo nkhondoyo. Cato, mmodzi wa akuluakulu a Roma a kumbali yake, anali ndi asilikali ku Dyrrhachium, doko la kunyanja ya Adriatic, ndipo Juba, mfumu ya Numidia, anali kumbali yake, atafafaniza kale gulu lankhondo la Curio, mtsogoleri wa Caesar, mu 49 BC. Zinatheka bwanji kuti munthu wokhala ndi zonsezi akapezeke m'kabwato ka asodzi ndi anthu ake anayi okha, akupita kukapempha malo kwa mfumu ya zaka pafupifupi 13?

Funso lachiwiri n'lakuti, ngati nduna za mfumuyo zinkaopa Caesar, chinaziletsa n'chiyani kungomubweza Pompey kuti akafune kwina kothawira? Ndamva kuti iye anathandizapo bambo a mfumu yomweyo kubwerera pampando, choncho ndikufuna kudziwa ngati panali chifukwa chenicheni chomuphera kapena kunali kusayamika chabe.

Bambo Mbewe

Mayi Nabanda, mafunso anu awiriwa ine ndikuwaona kuti ali ndi yankho limodzi. Mphamvu za Pompey sizidali m'magulu a asilikali okha ayi, zidali makamaka m'mafumu ndi m'mizinda ya kum'mawa imene idali ndi mangawa kwa iye. Mu 67 BC adathana ndi achifwamba a panyanja ya Mediterranean m'miyezi itatu yokha. Kuyambira mu 66 BC adalimbana ndi Mithridates, mfumu ya Pontus, adasandutsa Syria chigawo cha Roma mu 64 BC, adalanda Jerusalem mu 63 BC, ndipo kulikonse kumene adadutsa adasiya mafumu amene iye mwini adawakhazika pampando kapena kuwadulira malire. Ichi ndicho chifukwa chake mu Malichi 49 BC adalolera kusiyira Caesar dziko la Italy n'kuwoloka nyanja kuchokera ku Brundisium. Adadziwa kuti ndalama, tirigu, zombo ndi asilikali apakavalo zidzachokera kum'mawa, ndipo zidachokeradi. Deiotarus, mfumu ya Galatia, adabwera yekha ndi apakavalo ake ngakhale adali nkhalamba, ndipo nalo dziko la Egypt lidatumiza zombo pamodzi ndi apakavalo 500.

Koma mafumu amenewo sadamutsate chifukwa chokonda Senate, bwalo la akuluakulu olamulira Roma, kapena malamulo a Roma. Adamutsata chifukwa ankakhulupirira kuti iye ndiye mwini Roma ndipo sagonja, moti chikhulupiriro chimenecho chitatha, chilichonse chidatha nacho. Mukatsata ulendo wake wothawa muona makomo akutsekeka limodzi ndi limodzi. Kuchoka ku Pharsalus adadzera ku Larissa, adatsika chigwa cha Tempe mpaka kunyanja, ndipo kumeneko adakwera chombo cha amalonda chonyamula tirigu. Adaima usiku umodzi ku Amphipolis kuti atolere ndalama kwa abwenzi ake, kenaka adapita ku Mytilene pachilumba cha Lesbos kukatenga mkazi wake Cornelia ndi mwana wake wamng'ono Sextus. Ali ku Cyprus adamva kuti anthu a ku Antioch, mzinda waukulu wa chigawo chimene iye mwini adachikhazikitsa, agwirizana zakuti aliyense wa gulu lake woyandikira kumeneko aika moyo wake pachiswe. Ku Rhodes nakonso akuluakulu ena a Senate amene ankamutsatira adawakaniza kulowa padoko. Za zombo zimene mwatchulazo, zambiri zidali kumadzulo, kunyanja ya Adriatic, pamene iye adathawira kum'mawa, komanso zambiri mwa izo zidali za mizinda ndi mafumu omwewa, kotero kuti mbiri ya Pharsalus itamveka zina zidangobwerera kwawo, kuphatikizapo za ku Egypt.

Pa upo umene adakhala ndi omutsatira ali m'njira padatchulidwa maiko atatu. Pompey mwini adakonda za Parthia, koma anzake adamukumbutsa kuti anthu a kumeneko ndiwo adapha Crassus, mkulu wina wa asilikali a Roma, pambuyo pa nkhondo ya Carrhae mu 53 BC, nkhondo imene idaphanso mwana wake Publius, yemwe adali mwamuna woyamba wa Cornelia, ndipo kupita ndi mayi ameneyo kumeneko chikadakhala chinthu chochititsa manyazi. Ena adatchula Juba. Mlangizi wake wakale Theophanes wa ku Mytilene ndiye adakankhira ku Egypt, dziko lolemera ndi lapafupi, limene banja lake lachifumu lidali ndi mangawa aakulu kwa Pompey. Ptolemy XII Auletes atathamangitsidwa ndi anthu ake mu 58 BC adakhala mlendo kunyumba ya Pompey ya kumapiri a Alba pafupi ndi Roma, ndipo amene adamubwezera pampando mu 55 BC adali Aulus Gabinius, bwanamkubwa wa Syria, munthu wa Pompey. Ngakhale kalata yachiwiri ya chikalata chamasiye cha Auletes idasungidwa kwa Pompey. Poyang'ana zimenezi, maganizo opita ku Egypt sadali opusa.

Chimene chidasintha n'chakuti Auletes adamwalira mu 51 BC, ndipo ana ake awiri amene adawasiyira ufumu, Cleopatra ndi Ptolemy XIII, adali pankhondo yawoyawo. Cleopatra adali atathamangitsidwa ndipo adabwerera ndi asilikali kuchokera cha ku Syria, kotero kuti Pompey adapeza magulu awiri atayang'anizana pafupi ndi Pelusium, kumalire a kum'mawa. Olamulira enieni kumbali ya mnyamatayo adali Pothinus, mdindo woyang'anira chuma, Achillas, mkulu wa asilikali, ndi Theodotus wa ku Chios, mphunzitsi wa mfumu. Plutarch amasimba kuti Theodotus ndiye adayala nkhaniyo motere: akamulandira, Caesar akhala mdani wawo ndipo Pompey akhala mbuye wawo, akamubweza, Pompey adzawasungira chakukhosi ndipo Caesar adzawaimba mlandu womupulumutsa, akamupha, mmodzi akondwa ndipo winayo sadzamuopanso, popeza wakufa saluma.

Pali chinthu china chimene Caesar mwini adalemba, ndipo ine ndimachiona kuti ndicho chidatha nkhani. M'gulu lankhondo la Ptolemy mudali Aroma ambiri amene Gabinius adawasiya mu 55 BC, ena mwa iwo asilikali akale a Pompey. Amithenga a Pompey atapereka uthenga kwa mfumu adayamba kucheza momasuka ndi asilikaliwo, n'kumawalimbikitsa kuti asamutaye mtsogoleri wawo wakale chifukwa cha tsoka lake. Taganizani mlendo wofika pamudzi pamene ana a mfumu akulimbirana ufumu, ndipo asanapatsidwe n'komwe mpando, anyamata ake ayamba kunong'onezana ndi alonda a panyumba. Nduna zija zidaona kuti munthu amene wabwera ndi anthu onyamula zida pafupifupi 2,000 angathe kuwalanda gulu lawo lonse lankhondo ndi mzinda wa Alexandria womwe. Kumupha kudali kuipa mtima kwenikweni, koma mantha awo sadali opanda maziko.

Mayi Nangozo

Bambo Mbewe afotokoza bwino za ulendo wothawa, koma ndikuona kuti akumupeputsira mlandu Pompey, ngati kuti anangosiyidwa ndi abwenzi osakhulupirika. Mafumu aja anatsekera makomo munthu amene anali atasiya yekha asilikali ake nkhondo ili mkati, ndipo zimenezo zinamveka kulikonse asanafike.

Tiyambire mu 50 BC, pamene anadwala kwambiri ku Naples. Atachira, mizinda ya Italy inachita zikondwerero, ndipo iye anatenga chisangalalo chimenecho ngati lonjezo lakuti anthuwo adzamumenyera nkhondo, mpaka ananena kuti akangoponda pansi mwamphamvu paliponse mu Italy asilikali adzatumphuka. Caesar atawoloka mtsinje wa Rubicon kulowa mu Italy ndi asilikali ake mu Januwale 49 BC, asilikaliwo sanaoneke. Choipa kuposa apo, akuluakulu amene anali kumbali yake sankamumvera. Lucius Domitius Ahenobarbus anakana kubwerera kum'mwera monga Pompey anamulembera, anadzitsekera mu Corfinium, ndipo mu Febuluwale asilikali ake onse anagwa m'manja mwa Caesar. Matenda amenewa a kusamvera ndiwo anapha gulu lonselo chaka chotsatira.

Kunena zoona, njira imene Pompey anasankha inali yabwino ndipo inkayenda. Ku Dyrrhachium Caesar anayesa kumuzinga ndi malinga, koma njala inagwira ozingawo, moti asilikali a Caesar ankakumba mizu yotchedwa chara n'kumaisakaniza ndi mkaka kuti apange buledi. Mu Julayi 48 BC Pompey anaboola malingawo n'kuthamangitsa adani ake, koma poopa kuti amutchera msampha sanawalondole mpaka kumsasa, ndipo Caesar akuti ananena kuti tsiku limenelo nkhondo ikanatha adaniwo akanakhala ndi mtsogoleri wodziwa kupambana. Ngakhale ku Thessaly, amene anali pampanipani anali Caesar. Pompey anali ndi chakudya chobwera panyanja ndi msasa wabwino paphiri, ndipo chimene chinkafunika kwa iye chinali kungokana kutsikira kuchigwa mpaka njala itamugwirira ntchito.

Analephera kukana chifukwa cha akuluakulu a Senate amene anadzaza msasa wake. Domitius, yemwe Caesar anamukhululukira ku Corfinium, ankamunyoza pomutchula Agamemnon, mfumu ya mafumu, kutanthauza kuti akutalikitsa dala nkhondo kuti apitirize kulamula anthu olemekezeka. Favonius ankadandaula kuti chaka chimenecho sadya nkhuyu za ku Tusculum. Domitius, Metellus Scipio ndi Lentulus Spinther anafika pokangana poyera za amene adzatenge udindo wa mkulu wa ansembe, umene Caesar anali nawo, mwiniwake ali moyo tsidya la chigwa ndi asilikali ozolowera nkhondo za ku Gaul. Moyo wake wonse Pompey ankafunitsitsa kuti mabanja akale a Roma amuvomereze ngati mmodzi wa iwo, popeza iye anali wochokera ku Picenum, ndipo kunyozedwa ndi anthu amenewo sankatha kukupirira.

Malinga ndi zimene Caesar analemba, Pompey anali ndi asilikali oyenda pansi 45,000 ndi apakavalo 7,000, pamene Caesar mwini anali ndi 22,000 ndi apakavalo 1,000. Ziwerengero za wopambana tizizitenga mosamala, koma kuchuluka kwa apakavalo a Pompey palibe amakutsutsa. Mbali imodzi inatetezedwa ndi mtsinje wa Enipeus, choncho Pompey anaunjika apakavalo pafupifupi onse kumanzere kwake pansi pa Titus Labienus, amene kale anali wachiwiri kwa Caesar ku Gaul, kuti azungulire adani n'kuwakantha kumbuyo. Caesar anaona zimenezi, anapatula magulu ang'onoang'ono asanu ndi limodzi n'kuwabisa kuseri kwa apakavalo ake, ndipo apakavalo a Labienus atathamangira kutsogolo anakumana ndi asilikali oyenda pansi amene sanaponye nthungo zawo koma ankabaya nazo cha kumaso. Apakavalowo anabalalika, oponya mivi ndi miyala amene anatsala opanda chitetezo anaphedwa, ndipo mbali yonse ya kumanzere inatseguka.

Pamenepa ndi pamene ndimamuimba mlandu. Asilikali ake oyenda pansi anali akumenyabe, koma iye atangoona fumbi la apakavalo othawa anabwerera kumsasa n'kukhala chete m'hema wake. Asilikali a Caesar atayamba kukwera linga la msasawo, anavula chovala chake cha utsogoleri, anakwera kavalo n'kutulukira chipata cha kumbuyo, ndipo anafika kunyanja ndi apakavalo pafupifupi 30. Olowa mumsasamo anapeza ziwiya zasiliva zitayalidwa ndi mahema ena atakongoletsedwa ndi masamba, kukonzekera phwando lachipambano. Otsala anathawira kuphiri kopanda madzi, ndipo m'mawa mwake anadzipereka. Caesar amati onse ogwidwa anaposa 24,000. Mtsogoleri akanakhalapo woti asonkhanitse ngakhale theka la anthu amenewo n'kulowera kumadzulo kumene kunali Cato ndi zombo, sakanafika ku Egypt ngati wopemphetsa.

Nabanda

Zikomo kwambiri, Bambo Mbewe ndi Mayi Nangozo. Chatsala chimodzi chimene chikundivutabe. Amati Caesar analira ataona mutu wa Pompey, chonsecho ndi iye amene anamulondola kuchokera ku Greece mpaka ku Alexandria. Kodi misozi imeneyo inali yoona, ndipo akanamugwira wamoyo akanamusiya?

Bambo Phiri

Mayi Nabanda, kuti misozi imeneyo imveke m'pofunika kuona kaye mmene munthuyo anafera, chifukwa Aroma chinawapweteka kwambiri ndi kaphedwe kake. Nkhani yatsatanetsatane timaipeza kwa Plutarch, amene analemba patapita zaka zoposa 100, koma mfundo zake zazikulu zimagwirizana ndi zimene Caesar analemba mwachidule.

Chombo cha Pompey chitaima patali ndi gombe, sikunabwere chombo chachifumu chodzamulandira koma kabwato ka asodzi, mmene munali Achillas, Lucius Septimius, yemwe anali msilikali waudindo pansi pa Pompey pankhondo ya achifwamba a panyanja, ndi kenturiyo (mtsogoleri wa kagulu ka asilikali) wina dzina lake Salvius. Septimius anamulonjera m'Chilatini monga mtsogoleri wopambana, ndipo Achillas anamupepesa m'Chigiriki kuti madzi a pamenepo ndi osaya, chombo chachikulu sichingafike kumtunda. Anthu a Pompey anaona zombo za mfumu zikudzaza asilikali ndi gombe lonse lili ndi onyamula zida, koma kuthawa kukanangopatsa adaniwo chifukwa chowaukira. Pompey anatsanzikana ndi Cornelia, anatsogoza akenturiyo awiri, kapolo mmodzi ndi Philippus, amene kale anali kapolo wake koma anamumasula, ndipo analowa m'bwatomo. Ulendo wonse panalibe womuyankhula. Anayang'ana Septimius n'kumufunsa ngati sanamenyere limodzi nkhondo, koma uja anangogwedeza mutu. Pompey anatulutsa kapepala kamene analembapo m'Chigiriki mawu okanena kwa mfumu, n'kumawerenga. Bwato litafika pamchenga anagwira dzanja la Philippus kuti adzuke, ndipo Septimius anamubaya ndi lupanga kumsana, kenaka Salvius ndi Achillas. Anadzifunda kumaso ndi chovala chake, mkazi wake akuonerera ali m'chombo. Anamudula mutu, thupi analitaya pagombe, ndipo Philippus ndiye analisambitsa ndi madzi a m'nyanja n'kuliwotcha ndi matabwa a bwato lakale la asodzi. Pambuyo pake phulusa lake linaperekedwa kwa Cornelia, amene analiika kumunda wawo wa ku Alba.

Caesar anafika ku Alexandria patangopita masiku ochepa. Atamubweretsera mutuwo anayang'ana kumbali, ndipo atalandira mphete ya chidindo ya Pompey, imene inali ndi chithunzi cha mkango wogwira lupanga, anagwetsa misozi. Olemba akale anagawikana, ndipo Cassius Dio ananena mosabisa kuti chinali chinyengo. Ine ndikuona kuti munthu angathe kupepukidwa mtima ndi kumva chisoni nthawi imodzi. Pompey anali mkamwini wake ngakhale anali wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ukwati wake ndi Julia, mwana yekhayo wamkazi wa Caesar, kuyambira mu 59 BC mpaka Julia atamwalira pobereka mu 54 BC, unali wachikondi chenicheni. Kuwonjezera apo, munthu amene anakhalapo consul katatu, udindo waukulu koposa mu Roma, anaphedwa polamulidwa ndi nduna za mfumu yachilendo, ndipo palibe Mroma, ngakhale mdani wake, amene akanaombera m'manja zimenezo. Komabe tisaiwale kuti Pompey mwini, ali mnyamata womenyera Sulla pankhondo ina yapachiweniweni ya Aroma, anapha ku Sicily Gnaeus Papirius Carbo, yemwenso anali consul katatu, atamuimika pamaso pake ali m'maunyolo.

Zakuti akanamusiya, ndikukhulupirira kuti inde, chifukwa kukhululuka chinali chida cha ndale cha Caesar. Anamasula Domitius ku Corfinium, anamasula Afranius ndi Petreius ku Spain atawagonjetsa pafupi ndi Ilerda, ndipo pambuyo pa Pharsalus anakhululukira Brutus, Cassius ndi Cicero. Kukhululukira Pompey kukanaonetsa Aroma onse kuti nkhondo yatha ndipo moyo wa munthu wamkulu koposa uli m'manja mwa Caesar. N'zokayikitsa ngati Pompey akanavomera moyo woterowo, popeza Cato anadzipha ku Utica mu 46 BC pokana chifundo chomwecho.

Nduna za Ptolemy zinkayembekeza kuti Caesar akalandira mutuwo athokoza n'kubwerera kwawo. M'malo mwake anakhazikika m'nyumba yachifumu, anayamba kulonjerera ndalama za ngongole imene Auletes anasiya, ndipo anadziika kukhala woweruza mkangano wa ana awiri aja, n'kukondera Cleopatra. Pothinus anaphedwa polamulidwa ndi Caesar, Achillas anaphedwa ndi gulu la Arsinoe, mng'ono wake wa Cleopatra, Ptolemy anamira mumtsinje wa Nile pothawa mu 47 BC, ndipo Theodotus anayendayenda mpaka anagwidwa ku Asia n'kuphedwa Caesar atafa kale. Ndiwonjezere kuti chipilala chachitali cha ku Alexandria chimene alendo amachitcha cha Pompey sichikhudzana naye; chinaimikidwa polemekeza mfumu Diocletian patapita zaka zoposa 300.

Bambo Mbewe

Mayi Nangozo, zakuti Pompey adataya mtima msanga ku Pharsalus sindikutsutsa, koma sindikuvomereza kuti mafumu a kum'mawa akadamulandira akadafika ndi theka la asilikali ake. Iwo ankayang'ana amene wapambana, osati mmene wogonjayo wachokera pabwalo lankhondo. Kumene mfundo yanu ili ndi mphamvu ndi pa njira imene adalowera, chifukwa zochitika pambuyo pa imfa yake zikuonetsa kuti kumadzulo dzina lake lidali lisadafe. Scipio, Cato, Labienus ndi Juba adasonkhanitsa gulu lalikulu ku Africa, limene Caesar adaligonjetsa ku Thapsus mu Epulo 46 BC. Ana ake awiri adadzutsanso nkhondo ku Spain, kumene bambo wawo adamenyanako ndi Sertorius, Mroma woukira boma, ndipo adali ndi omutsatira ambiri, moti ku Munda mu Malichi 45 BC Caesar adapambana movutikira kuposa ku Pharsalus. Gnaeus, mwana wamkulu, adaphedwa akuthawa, koma Sextus adapulumuka, adalanda Sicily, ndipo adavutitsa Octavian, mlowam'malo wa Caesar, panyanja mpaka Agrippa, mkulu wa asilikali a Octavian, adamugonjetsa ku Naulochus mu 36 BC. Ngati ana adatha kuchita zonsezo ndi dzina lokha, mwini dzinalo akadafika ku Africa wamoyo Caesar akadakhala ndi ntchito yaikulu, ndipo Pothinus ndi anzake, pomuona akuyandikira asilikali awo, ankadziwa bwino kulemera kwa dzina limenelo.